Chenjezo kwa a ku Wenya: Musagule Mwachimbulimbuli Kamera Yakale ya Maso Awiri

Abale ndi alongo a ku Wenya, makamaka inu achinyamata amene mumajambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe: wina akakutsatsani kamera yakale ya filimu, ija yonga bokosi yokhala ndi maso awiri kutsogolo, musafulumire kupisa m'thumba. Yongoiona pa Facebook kapena WhatsApp, musanaigwire m'manja, musaitumizire ngakhale tambala.

Msampha uli pa masowo. Diso lam'mwamba limangokuonetsani chithunzi mukaweramira pagalasi la pamwamba pa bokosi. Lojambula ndi lam'munsi. Wogulitsa angakuuzeni kuti musuzumire muone kuwala kwake, inu n'kukhutira, chonsecho lam'munsilo linawonongeka kalekale. Choncho tsegulani chitseko chakumbuyo, ikani kamera pa chilembo B, dinani batani osalisiya, muunike ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera toyanga mkati mwa galasi, chimenecho ndi chuku, chonga chija chimagwira chimanga chosauma bwino. Chikakhalitsa chimadya galasi moti kupukuta sikuthandizanso, ndipo chinyontho cha dzinja kuno kufupi ndi Nyika chimangochikulitsa. Ibwezeni pomwepo.

Kenako ikani pa sekondi imodzi, mudine, mutchere khutu. Ikamakoka nthawi kapena kukakamira panjira, mafuta a m'kati anauma. Musamvere zoti "ingozolowera yokha."

Werenganinso dzina lolembedwa mozungulira diso lam'munsi lomwelo, chifukwa kuthwa kwa chithunzi kumachokera pamenepo. Pa Rolleiflex, imene kampani ya Franke & Heidecke inatulutsa ku Germany mu 1929, ndi pa mng'ono wake Rolleicord, dzina la Tessar kapena Xenar ndi lodalirika. Pa Yashica funani Yashinon, ya magalasi anayi, imene imaposa Yashikor ya atatu. Ine ndingakulozereni Yashica Mat-124G, yomwe inkapangidwa kuyambira 1970 mpaka 1986: imangopitirira pang'ono kilo imodzi, ndipo ilowa m'chikwama. Mamiya C330 imajambula bwino zedi, koma kulemera kwake mudzakumva paphewa pokwera njinga ya ku Nthalire kapena Chisenga.

Chachikulu ndi filimu. Makamera amenewa ambiri amadya filimu yotchedwa 120, osati ya 35mm imene ojambula athu ankagwiritsa ntchito, ndipo mpukutu umodzi umatulutsa zithunzi 12 zokha, za masentimita 6 mbali zonse. Yofuna filimu ya 620 isiyeni, popeza Kodak inaleka kuipanga mu 1995. Musanalipire, dziwani kaye kumene mukagule filimu, kumene mukatsukitse, ndi mtengo wa ulendowo kuchokera kuno.

Mukagula, chonde musalandire ndalama ya ntchito ya ukwati wa munthu musanajambule mpukutu umodzi woyesera, kuutsukitsa, ndi kuona zithunzi zake ndi maso anu.