Kodi Wotembenuka Mtima Asiye Chiyani?

Tikamamva umboni wa anthu otembenuka mtima m'matchalitchi a kuno ku Dedza, mndandanda wa zimene asiya sukhala wautali. Bambo amati wasiya kachasu, fodya ndi dambwe. Mayi amati wataya zithumwa. Mpingo umaomba m'manja, ndipo uyenera kutero, pakuti kusiya kachasu m'mwezi wa Juni, chisanu cha ku Bembeke chikulasa mafupa, si masewera. Komabe ine ndikuona kuti tazolowera kuyeza moyo watsopano ndi zinthu zokhazo zimene anzathu angathe kuziona ali pamsewu.

Mwina vuto lidayambira m'chinenero momwemo. Mawu akuti "chikunja" adachokera ku mawu akuti "kunja". Motero tchimo tidaliika panja: kudambwe, kumowa, kumanda. Munthu akangolowa m'kati mwa mpanda wa mpingo, timati wamaliza ulendo. Chonsecho mawu ena amene timagwiritsanso ntchito, akuti "kutembenuka mtima", akuloza m'kati mwa munthu. Paulo, m'mutu 4 wa kalata yake yopita kwa Aefeso, akufanizira kusinthaku ndi kuvula chovala chakale. Tikawerenga zimene akuti zivulidwe tipeza bodza, mkwiyo wogona nawo, kuba ndi pakamwa poola. Ng'oma simo.

Maganizo oika tchimo panjawa ali ndi mbiri yake. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni ya Mua, kunsi kwa mapiri athuwa, mu 1902. Pofika m'zaka za m'ma 1920 iwo ndi eni dambwe adali pa mkangano waukulu wolimbirana ana: apite kusukulu kapena akametedwe? Ian Linden adafotokoza za nkhondoyi m'buku lake la mu 1974. Gule naye sadangokhala chete, adatulutsa Maliya ndi Simoni m'bwalo. Kuyambira pamenepo Mkhristu ankadziwika ndi kumene sapita. Zinthu zidasinthako, chifukwa mu 1976 pa Mua pomwepo Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha dziko lonse. Koma muyeso wakale uja udatsalabe m'mitu mwathu.

Sindikunena kuti Mkhristu abwerere kudambwe, ayi. Mpingo uli ndi ufulu woika malire ake, ndipo amene wasankha kuchokako ali ndi zifukwa zake zomveka. Zoonadi, ena atuluka kumeneko atalipira mtengo wowawa, abale awo osawalankhulanso. Chimene ndikukana n'chakuti kuchokako kukhale chiphaso cha zonse.

Taonani za katapira. M'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zitagona, mkulu wampingo amabwereketsa ndowa imodzi ya chimanga n'kudzalandira ziwiri pokolola. Samwa, sasuta, kwaya amatsogolera ndiye. Wina amagula kachewere kwa alimi ndi sikelo yoikonza usiku, Lamulungu n'kudzapereka chakhumi chonenepa kuchokera pa ndalama zomwezo. Winanso sanalawepo mowa chibadwire, koma mkazi wake amabwera ku chigwirizano cha amayi atamanga duku lofika m'maso pobisa chotupa. Onsewa palibe amene amaitanidwa kubwalo la mpingo, pomwe mnyamata amene waoneka akuonerera gule pamaliro a agogo ake amaimitsidwa Mgonero sabata yomweyo. Akuluakulu sadaname ponena za chikomekome cha mkuyu.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Chigoba chimatenthedwa kamodzi, anthu akuimba, nkhani n'kutha. Katapira ndi nkhanza zimafuna kuzisiya m'mawa uliwonse, popanda woombera m'manja, ndipo kusiya katapira kumachepetsa chimanga m'nkhokwe ya mwini wake. Nchifukwa chake ndikupempha abusa ndi akatekisiti kuti asanakhulupirire umboni wa munthu, ayambe afunsa mkazi wake, waganyu wake ndi amene ali naye ngongole.