Kodi kamba walakwanji pa chipata?

Pa 3 January 2023 khothi lalikulu kuposa onse m'dziko la India lidaweruza mlandu womwe ena angauseke, koma ine ndikuti ukukhudza aliyense amene amagula tikiti n'kulowa m'malo a zisangalalo. Funso lidali lakuti: kodi mwini nyumba yoonetsera kanema ali ndi mphamvu zoletsa munthu kulowa ndi chakudya kapena chakumwa chochokera kunja?

Nkhani idayamba chonchi. M'chaka cha 2018 khothi la High Court ku Jammu ndi Kashmir lidalamula eni nyumba za kanema kuti asamaletse anthu kulowa ndi zakudya ndi madzi awo. Odandaula ankati m'katimo mitengo ndi yoboola m'thumba, komanso zogulitsidwazo ndi mbuliwuli ndi zoziziritsa kukhosi, zinthu zomwe nkhalamba kapena wodwala shuga sangakhalire. Eni kanema sadagone tulo. Adachita apilo, ndipo mkulu wa oweruza, a D.Y. Chandrachud, pamodzi ndi anzawo a P.S. Narasimha, adagwetsa chigamulo chija. Iwo adati nyumba ya kanema ndi malo a mwini wake, ndipo mwini malo atha kuika malamulo ake. Wosafuna kugula mbuliwuli asagule, palibe akumukakamiza. A Chandrachud mpaka adapereka chitsanzo cha jalebi, kachakudya kokazinga konyika m'madzi a shuga, n'kumafunsa kuti wina akadya n'kupukutira zala zake pampando, ndalama zochapira mpandowo zichokera kwa yani.

Amalonda akamakamba za mlanduwu amathera pamenepa, n'kuwomba m'manja. Komatu chigamulo chija chili ndi mchira wake. Khothi lomwelo lidanenetsa kuti madzi akumwa aukhondo azipezeka m'katimo mwaulere, ndipo kholo lobwera ndi khanda lisaletsedwe kulowa ndi chakudya cha mwanayo. Ndiye kuti ngakhale pamalo a munthu payekha, oweruza adaona kuti ludzu ndi njala ya mwana si zinthu zochitira bizinesi.

Ine sindikutsutsana ndi malamulo a pachipata onse ayi. Aliyense amene adaonererapo mpira wa matimu odana akudziwa zomwe botolo lagalasi limachita likakhala m'manja mwa munthu amene timu yake yangochinyidwa kumene. Mutu wa oimbira mpira si mwala. Mowa nawo tisanamizane, umasandutsa bambo waulemu wake kukhala chilombo. Zoterezi ziletsedwe, ndipo alonda asanyengerere munthu.

Koma pali njira yapafupi yodziwira ngati lamulo lili loteteza anthu kapena loteteza thumba la wina. Funsani kuti: chinthu chomwe andilanda pachipatachi, kodi m'katimu akuchigulitsa? Ngati botolo la madzi lomwe ndagula pa golosale ndi loopsa, koma botolo lomwelo, la kampani yomweyo, likusanduka labwino ndikaligula m'kati pa mtengo wowirikiza, ndiye kuti choopsa si botolo. Choopsa ndi chakuti ndalama yanga yapita kwa wina.

Taonani zomwe adachita ku England. M'chaka cha 1985, chaka chomwe anthu 39 adafa pa bwalo la Heysel ku Brussels pa mpira wa Liverpool ndi Juventus, nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lokhudza mowa pa masewero. Pa mpira wa m'maligi akuluakulu munthu saloledwa kumwa mowa ali pamalo poti akuona bwalo, ngakhale mowawo waugula m'kati momwemo. Kaya wachokera nawo kunyumba, kaya wagula pa kauntala yawo, lamulo ndi limodzi. Limenelo ndiye lamulo la chitetezo, chifukwa likupweteka ndi wogulitsa yemwe.

Tsono yerekezani ndi zomwe zidachitika ku Shanghai Disneyland m'dziko la China. Kumeneko alonda ankasecha zikwama n'kumaletsa zakudya zonse zochokera kunja. M'chaka cha 2019 mtsikana wina wophunzira zamalamulo adaletsedwa kulowa ndi tizakudya take ta ndalama zosakwana 50 yuan, ndipo adakasuma kukhothi. Anthu ambiri ndi nyuzi za kumeneko adaima naye, makamaka pomva kuti ku mapaki a Disney a ku America anthu amalowa ndi kamba wawo popanda vuto. Mu September chaka chomwecho kampaniyo idasintha lamulo. Idalola chakudya, kupatula chofunika kutenthetsa kapena chonunkha kwambiri, koma mowa, zitini ndi mabotolo agalasi zidakhalabe zoletsedwa. Abale, mukuona? Chitetezo sichidachepe ndi pang'ono pomwe. Chomwe chidagwa ndi mpanda wokakamiza munthu wanjala kugula pa sitolo imodzi.

Nkhani ya ku India ija idatsamira pa mfundo imodzi, yakuti malowo ndi a mwini wake. Chabwino. Nanga malo amene mwini wake ndi tonsefe? Apa mpamene ndikufuna akuluakulu a kwathu kuno atchere khutu. Bwalo la Bingu National Stadium ku Lilongwe, lomwe lidatsegulidwa mu 2017, lidamangidwa ndi ngongole yochokera ku China. Ngongole ya boma amabweza ndi wamisonkho, kuphatikizapo mayi wogulitsa zitumbuwa amene amadula chiphaso cha mumsika tsiku ndi tsiku. Kamuzu Stadium ku Blantyre ndi ya boma. Mapaki a m'mizinda ndi a makhonsolo. Pamalo otere, woyendetsa zinthu sanganene kuti pano ndi panga, wosafuna achoke. Iye ndi kapitawo chabe, munda ndi wathu. Ngakhale atabwereketsa malowo kwa wokonza dansi kapena chionetsero, ayenera kumuuza wobwerekayo malire ake.

Ndipo tikumbukire mmene Mmalawi amapitira ku zisangalalo. Sapita ngati mzungu wolowa m'kanema wa maola awiri. Amadzuka m'mamawa, kukwera minibasi kapena kuyenda wapansi kuchokera ku Ndirande, Bangwe, Kawale kaya Mtandire, n'kukaima pamzere dzuwa lili pamutu kudikira mpira woyamba cha m'ma 2:30 masana. Ndalama yomwe anali nayo yathera pa thiransipoti ndi tikiti. M'kajumbo mwake muli chinangwa chophika, nthochi zitatu, mtedza, ndi kabotolo kapulasitiki ka madzi kapena thobwa. Bambo ameneyu wabwera ndi ana awiri. Mukamulanda kajumboko mwezi wa October, simunateteze munthu aliyense. Mwangomuuza kuti chaka chamawa akamvere pa wailesi.

Ena adzati ogulitsa a m'kati adalipira ndalama zambiri kuti apatsidwe malo, ndiye ayenera kutetezedwa. Ndamva. Koma amene ali ndi ndalama adzagulabe soseji yootcha ndi chakumwa chozizira, chifukwa palibe amakonda thobwa lofunda pamene ali ndi zogulira Fanta wa mufiriji. Wosaukayo, mumulande musamulande, sagula. Phindu lanu silikwera, chomwe chimakwera ndi chiwerengero cha okomoka. Za zinyalala nazo ndi zoona, makoko a nzimbe ndi a nthochi amanyansa. Mankhwala ake ndi migolo yotayamo zinyalala ndi anthu osesa, omwe malipiro awo ali kale m'kati mwa mtengo wa tikiti. Pajatu mapepala a zogula m'kati nawo sadzitola okha.

Chinanso chimene chimandinyansa ndi malamulo a m'mutu mwa mlonda. Sabata ino walola, sabata yamawa wakana, wina wodziwana naye wadutsa ndi chikwama chonse. Ndidaonapo pa chionetsero china mlonda akulanda mayi wina mandasi, ati ndi oletsedwa, patapita kanthawi iye ndi anzake ali kuseri kwa geti masaya ali tutuu. Kodi mandasi aja adasiya kuopsa atalowa m'kamwa mwa a yunifolomu?

Zomwe ndikupempha kwa a unduna wa zamasewero, a makhonsolo ndi a FAM si zofuna msonkhano wa ku nyanja. Lembani zoletsedwa pa chikwangwani chachikulu pachipata, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo muzilengeze pa wailesi pamodzi ndi mtengo wa tikiti, kuti munthu adziwiretu asananyamuke kunyumba. Galasi, zitini ndi mowa zitsale kunja. Madzi a m'botolo lapulasitiki alowe, ndipo ngati mukuopa kuti wina wathiramo kachasu, mlonda anunkhize, mphuno ali nayo. Kapena chitani monga adachitira pa masewero a Olympics ku London mu 2012, pomwe anthu ankalowa ndi mabotolo opanda kanthu n'kukatunga madzi aulere m'kati. Koma zikatero mipopiyo izitulutsadi madzi, osati mphepo. Phala la mwana ndi chakudya cha wodwala shuga kapena womwa mankhwala a tsiku ndi tsiku zisamafunsidwe n'komwe. Ndipo chilichonse cholandidwa mwini wake apatsidwe mwayi wokachisiya kapena kuchidyera panja, chisamathere m'thumba la mlonda.