MBUSA EDWARD BOTE MANDA NDI MPANDO WA KU BOLERO

Pamene Themba la Mathemba Chikulamayembe, a Walter Gondwe, anamwalira m'chaka cha 2018 atakhala pa mpando kuyambira 1977, ku Nkhamanga kunabuka mlandu umene unatenga zaka kuti uzizire. Mbali ina inafuna kuti mwana wao, a Mtima Gondwe, alowe m'malo mwa atate ao. Mbali inanso inati iyayi, ufumu wa Chikulamayembe suli wa nyumba imodzi, uyenera kuzungulira m'nyumba zonse za banja lachifumu. Nkhaniyo inafika m'makhoti, ndipo potsiriza pake a Joseph Bongololo Gondwe ndiwo anakhazikitsidwa pa mpando ku Bolero.

Anthu ambiri amene anatsata mlanduwu anauyesa mkangano wa makono. Koma mbeu yake inafesedwa kale, m'zaka za 1931 ndi 1932, ndipo wofesayo sanali mfumu, sanalinso wa banja la Gondwe. Anali mbusa wa mpingo wa Livingstonia, a Edward Bote Manda, munthu amene ndale zake zonse zinatsamira pa mfundo imodzi, yakuti mtundu wotaya mafumu ndi miyambo yake sungaime. Aphunzitsi ndi anchito a Boma, amene tsiku ndi tsiku amagwira nchito pamodzi ndi mafumu, achita bwino kudziwa za munthu ameneyu, pakuti mafunso amene iye analimbana nawo akali pakati pa anthu kufikira lero.

UFUMU UMENE UNAZIMA NDI KUYAKANSO

Mbiri imanena kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunafika amalonda ochokera kutsidya la nyanja, otsogozedwa ndi Mlowoka. Iwo anali kufuna minyanga ya njovu, ndipo anagawira eni dziko makasu, nsalu ndi mikanda, nakwatira m'mabanja a akuluakulu. Kuchokera mwa iwo munatuluka ufumu wa Chikulamayembe m'chigwa cha Nkhamanga, ndipo mwambo wa Gonapamuhanya, umene umachitika ku Bolero chaka ndi chaka, umakumbutsa chiyambi chimenechi.

Angoni atafika kumpoto cha m'ma 1855 anagonjetsa dzikolo, ndipo cha m'ma 1880 Chikulamayembe wachisanu ndi chitatu, Mujuma, anaphedwa. Anthu ambiri anabalalika, ena nathawira kwa Ankhonde ku Karonga, ndipo mpando unakhala wopanda mwini kwa zaka zoposa 25. M'chaka cha 1907 Boma la atsamunda linavomera kuti a Chilongozi Gondwe, amene anagwirapo nchito ya upolisi, akhale Chikulamayembe wachisanu ndi chinayi.

Ufumu wobwezedwawo unasowa mbiri yolembedwa youchirikiza, ndipo ophunzira a ku Livingstonia ndiwo anaupatsa. M'chaka cha 1909 a Saulos Nyirenda analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga, yosimba za ufumu waukulu ndi wamtendere umene Angoni anaupasula. Mmishoni T. Cullen Young anatsata njira yomweyo m'mabuku ake, ndipo nkhaniyo inalowa m'masukulu a mishoni. Akatswiri a mbiri a m'zaka zapambuyo, makamaka a Leroy Vail, anatsutsa kukula kwa ufumuwo, nati mphamvu za Chikulamayembe wakale zinali za malonda, ndipo sizinapitirire kwambiri Nkhamanga ndi madera oyandikana nayo. Komabe ana a sukulu a masiku amenewo anakula akukhulupirira za ufumu waukulu, ndipo chikhulupiriro chimenecho chinasanduka chida cha ndale.

MUNTHU WAKE

A Manda anali a mtundu wa Atonga a kunyanja. Anaphunzira m'masukulu a mishoni ya Livingstonia, imene Dr. Robert Laws anakhazikitsa likulu lake pa phiri la Khondowe m'chaka cha 1894. Anayamba ndi uphunzitsi, ndipo m'chaka cha 1918 anadzozedwa ubusa. Nchito yao anaigwirira m'dziko la Chikulamayembe, kotero kuti anazolowerana ndi banja lachifumu nadziwa bwino milandu ya m'midzi.

Pa ndale anayambira m'bungwe la North Nyasa Native Association, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1912 ndipo linali loyamba mwa mabungwe otere m'Nyasaland. M'menemo munali aphunzitsi, abusa ndi alembi, monga a Levi Mumba, amene anali kulembera Boma madandaulo a za msonkho, za masukulu ndi za chipongwe chimene Azungu ena anali kuchitira anthu akuda. A Manda anadziwika kuti ndi munthu wosaopa kudzudzula Boma, ndipo akuluakulu a atsamunda anali kuwayang'ana ndi diso lokayika. Tsono nchifukwa ninji munthu wotere, wophunzira ndi wolimba mtima, anatembenukira ku mafumu ndi miyambo ya makolo?

MAGANIZO AO

Yankho lili m'mene midzi ya kumpoto inalili pa nthawiyo. Kunalibe njanji, kunalibe minda ikuluikulu yolemba anthu nchito ngati ya ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo mbeu zogulitsa zinalibe msika wapafupi. Koma msonkho wa nyumba unali kufunika chaka chili chonse. Chotero amuna anali kunyamuka ulendo wa ku Southern Rhodesia, ku migodi ya Joni, ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia ndi ku golide wa ku Lupa m'Tanganyika. Komiti imene Boma linaika m'chaka cha 1935 kufufuza nkhaniyi inayerekeza kuti amuna okwana 120,000 a m'Nyasaland anali kunja kwa dziko, ndipo kumpoto ndiko kunapululuka koposa. Ena sanabwerenso, nasanduka machona. M'midzi munatsala akazi, ana ndi nkhalamba; maukwati anali kutha; anyamata obwera ndi ndalama za kumigodi sanali kumveranso akulu.

A Manda anaona zonsezi ngati kuola kwa mtundu. Madandaulo olembera Bwanamkubwa ku Zomba sanali kubala zipatso, ndipo maulaliki a m'tchalitchi paokha sakanatha kubweza mwambo. Iwo anaganiza kuti mankhwala ake ndi mfumu yamphamvu, yokhala ndi bwalo lake la milandu, yolemekezedwa chifukwa cha mbiri ya makolo, koma yophunzira ndi yachikhristu, yomvera uphungu wa anthu ophunzira. Kwa iwo mwambo unali mpanda wotchinjiriza banja, ulemu wa ana kwa akulu ndi khalidwe la m'mudzi. Unalinso njira yolandira mphamvu kuchokera m'manja mwa Bwana D.C. ndi kuziika m'manja mwa anthu akuda. Apa ndipo pali chinsinsi cha ndale zao: kusunga mwambo ndi kukana utsamunda sizinali zinthu ziwiri zolimbana m'mtima mwao, koma chinthu chimodzi.

Nthawi nayo inawakomera. Boma la Britain linali litayamba kukonda njira yolamulira anthu kupyolera mwa mafumu ao, monga linachitira ku Nigeria ndi ku Tanganyika. M'chaka cha 1933 malamulo awiri anakhazikitsidwa m'Nyasaland, lina lopatsa mafumu mphamvu zoika malamulo a m'dera lao, lina lowapatsa makhoti. Mpando wa ku Bolero unaleka kukhala wa ulemu chabe, unasanduka mpando wa ulamuliro.

CHISANKHO CHIMENE CHINASIYA CHIPSERA

A Chilongozi anamwalira m'chaka cha 1931, malamulo atsopanowo ali pafupi kutuluka. Akuluakulu ambiri osunga mwambo anafuna a Gogoti Gondwe, ponena kuti mwana salowa ufumu wa atate wake pamene nyumba zina zikudikira. A Manda anaima ndi a John Hardy Gondwe, mwana wa malemuyo, amene anaphunzira ku Livingstonia. Mbali ya a Manda inapambana, ndipo a John Gondwe analowa ufumu m'chaka cha 1932, nakhala pa mpando kufikira 1977. M'zaka zoyamba za ufumuwo a Manda ndiwo anali phungu wamkulu.

Apa pali chinthu choyenera kuchilingalira mofatsa. Munthu amene anali kulalikira za kubwerera ku miyambo ya makolo ndi yemweyo amene anapatuka pa mwambo wa kalowedwe ka ufumu pamene mwambowo unaloza munthu wosagwirizana ndi zolinga zake. Omuikira kumbuyo anganene kuti mfumu yosadziwa kulemba sikanatha kuyendetsa khoti ndi thumba la ndalama pansi pa malamulo a 1933, ndipo mau amenewo ali ndi nzeru. Koma otsutsa nawonso ali ndi mfundo yao: mwambo umene ophunzira amausankhula, kutenga chowakomera ndi kutaya chowavuta, suli mwambo wa makolo koma wa ophunzirawo. Kuyambira 1907 kufikira 2018, zaka 111, mpando unayenda kuchokera kwa atate kunka kwa mwana m'nyumba imodzi: a Chilongozi, a John, a Walter. Nyumba zinazo sizinaiwale. Akulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma mlandu uwu unayimba ng'oma kwa zaka zambiri, ndi anthu okha amene sanaimvere.

MALIRE NDI CHILANKHULO

Pokhulupirira mbiri ya ufumu waukulu ija, a Manda ndi mfumu yatsopanoyo anayesa kufutukula malire a ulamuliro wa Chikulamayembe, kumka kumpoto m'dziko la Karonga ndiponso kutsidya kwa malire a Northern Rhodesia, kumene kulinso olankhula Chitumbuka. Mapu a lero akusonyeza kuti maloto amenewo sanakwaniritsidwe. Ngakhale pafupi pomwepo, anthu a Themba Katumbi ku Hewe sanakondwere kuyesedwa ana a Bolero, pakuti iwonso ali ndi mbiri yao yochokera kwa amalonda a kutsidya la nyanja, ndipo m'nthawi ya Themba Timothy Chawinga analimbitsa ufumu wao ndi miyambo yao. Ndale za mwambo zimagwirizanitsa anthu a mkati mwa mpanda, koma zimautsanso a kunja kwa mpanda kuti amange wao.

M'zaka zomwezo Boma la atsamunda, makamaka pansi pa Bwanamkubwa Sir Hubert Young, linafuna kuti Chinyanja chikhale chilankhulo cha masukulu onse. Ophunzira a kumpoto, mafumu ndi amishoni a Livingstonia anakana pamodzi, ndipo m'chaka cha 1947 Chitumbuka chinavomerezedwa pambali pa Chinyanja. M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka nichotsedwa pa wailesi kufikira 1994. Kuwawa kumene anthu a kumpoto anamva pa nkhaniyi sikungamveke bwino popanda kudziwa kuti mbadwo wa a Manda unali utamanga kale ulemu wa mtundu pa nsanamira zitatu: sukulu, chilankhulo ndi ufumu.

NJIRA ZIWIRI

Anzao ena a m'mabungwe aja anaona kuti mfumu ya dera limodzi, ngakhale ikule bwanji, singathe kusintha malamulo opangidwa ku Zomba ndi ku London. M'chaka cha 1944 mabungwewo analumikizana napanga Nyasaland African Congress, ndipo a Levi Mumba anakhala pulezidenti wake woyamba. Njira imeneyi, ya dziko lonse, ndiyo inagwetsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'chaka cha 1963 ndi kubweretsa ufulu m'chaka cha 1964. Pa muyeso umenewu njira ya a Manda inachepa.

Koma sinafe. Lamulo la mafumu la 1967 linasunga maufumu, ngakhale linaika mphamvu yovomereza ndi kuchotsa mfumu m'manja mwa Pulezidenti. Malamulo a dziko a 1994 anakonza nyumba yachiwiri ya malamulo m'mene mafumu akanakhala ndi mipando, koma nyumbayo inafafanizidwa m'chaka cha 2001 isanakhalepo ndi kamodzi komwe. Pansi pa lamulo la maboma ang'ono la 1998 mafumu amakhala m'makhonsolo, koma savota. Chotero mfumu ya lero ili ndi mau akulu pa za malo, za maliro, za chitukuko cha m'mudzi ndi za ana osiya sukulu, koma mphamvu zake zenizeni zimalira chivomerezo cha Boma. Nchifukwa chake andale a zipani zonse amathamangira ku Gonapamuhanya, ndipo zaka zina otsatira zipani anafika pomenyana pa bwalo la mwambo, akuluakulu akuyang'ana.

Mbiri ya a Manda ikupereka chenjezo kwa mbali zonse ziwiri. Kwa amene amayesa mafumu chinthu chachikale chongodikira kutha, ikukumbutsa kuti pamene amuna anathera kumigodi ndipo Boma linali kutali, bwalo la mfumu ndilo linagwira mudzi. Kwa amene amafuna kugwiritsa nchito mpando wachifumu pa zolinga zao, zingakhale zabwino chotani, ikusonyeza kuti ngongole yotere amalipira ndi adzukulu. Mabanja achifumu a ku Nkhamanga, ndi a kwina konse m'Malawi, angapewe milandu yambiri ngati atakhala pansi mfumu ikali moyo, nagwirizana poyera za kalowedwe ka ufumu, nazilemba pamaso pa nyumba zonse ndi pa Bwana D.C. Ndipo wa nchito ya Boma amene atumidwa kukathandiza pa nkhani yotere ayenera kuyamba wafunsa mbiri ya mpandowo kwa nyumba zonse, osati kwa nyumba imene ili ndi munthu wodziwa kulemba makalata yokha.