Dandaulo la ife odwala nthenda ya mantha ku Nabvutika

Ife a ku Nabvutika, ku Chipata, amene timadwala nthenda ya mantha adzidzidzi tatopa ndi kuuzidwa kuti tili bwinobwino.

Nthendayi imatigwira popanda chotiopseza: tili pa malonda, tili m'tchalitchi, ngakhale pakati pa tulo. Mtima umathamanga, mpweya umabanika, thukuta limangoti kamukamu, manja amachita dzanzi, mutu uli zweee. Pa mphindi ngati 10 zoyambazo munthu amafika potsanzika ana, poti akudziwa ndithu kuti akufa. Zikadutsa, chotsala n'kudikira kuti zibweranso liti. Kudikira kumeneku ndiko kwatisaukitsa, pakuti ena mwa ife sitingayerekeze kupita tokha ku Saturday Market kukaoda katundu, kuopa kukagwa pagulu.

Kuchipatala amatiyeza malungo, BP ndi shuga. Zimenezo sitikana, chifukwa matenda a mtima ndi a chithokomiro amabweranso motere. Koma zonse zikapezeka zili bwino, timabwerera ndi Panado komanso mawu oti tikapumule. Ena tinapatsidwa diazepam, osatichenjeza kuti thupi limamuzolowera. Kunyumba nako apongozi akuti tinalodzedwa, kumapemphero akuti ndi ziwanda, ndipo mbuzi zatha kwa asing'anga. Aneba akationa amanong'onezana kuti awa ndi a ku Chainama, chipatala cha odwala misala. Mawu amenewa amapweteka kuposa chifuwa chothinacho, ndipo achititsa abambo ambiri kubisa vutoli m'kachasu, amene amangolikulitsa mowa ukatha m'thupi.

Chonsecho nthendayi imadziwika ndipo imachizika. Pali uphungu wa CBT, wophunzitsa munthu kuti kugunda kwa mtimako sikupha, n'kumubwezera pang'onopang'ono kumalo amene ankawathawa. Palinso mankhwala monga fluoxetine, amene amafuna masabata 4 mpaka 6 kuti ayambe kumveka. Wosauzidwa zimenezi amawasiya msanga, amvekere sakugwira ntchito.

Mu 2019 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo latsopano loteteza ufulu ndi ulemu wa odwala maganizo, m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda. Ife tikufuna tilione kuno kukomboni, osati ku Lusaka kokha, mtunda wa makilomita oposa 500.

Adokotala ndi anamwino athu, chonde, mukatiyeza tiuzeni dzina la chimene chikutidya, mutilozere kwa wodziwa za maganizo konkuno ku Chipata. Inunso abusa, tipempherereni ndithu, koma musatiletse kumwa mankhwala.