Lenzi ya paukwati si yokwera nayo ku Sapitwa

Ambiri mwa ojambula zithunzi kuno kwathu anaphunzirira ntchito paukwati. N'chifukwa chake akamati lenzi yabwino amanena ija yaitali yoyera ya Canon, 70-200mm f/2.8, imene ukaikoleka m'khosi ngakhale akuluampingo amakupatsa njira kuti udutse. Ndi yabwinodi, sinditsutsa. M'tchalitchi muli kamdima, akwati ali patali, abusa aletsa fulashi, palibe ina ingapose imeneyo. Koma mwezi wa Meyi ukafika, anthu n'kuyamba kupangana za ulendo wa kuphiri la Mulanje, ndimamva ena akuti lenzi yomweyo ikwere nawo, pamodzi ndi inzake ya 24-70mm f/2.8. Apo pokha ndiye ndimakana.

Ulendo ndikunenawu si uja wokafika pa Dziwe la Nkhalamba, kusamba, kudya mpunga wa m'kontena n'kubwerera. Ndikunena wodutsa phiri lonse: kunyamuka pa Likhubula, kukwera kukagona ku Chambe, mawa lake ku Chisepo, kukwera Sapitwa, kupitirira ku Thuchila, Chinzama ndi Sombani, n'kudzatsikira ku Fort Lister mbali ya ku Phalombe. Ndi masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo tsiku loyamba lokhalo mumakwera mtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Chilichonse mwalonga m'chikwama chimakhala nanu pachitunda chilichonse mpaka tsiku lotsika.

Tiyeni tiike pasikelo. Lenzi yoyera ija imalemera magalamu pafupifupi 1,480. Ya 24-70mm f/2.8L II ndi magalamu 805. Ziwirizi pamodzi zadutsa kale makilogalamu awiri, kamera yeniyeniyo tisanaiwerengere. Tsono tengani kalenzi kaja kobwera ndi kamera m'katoni, ka 18-55mm, kamene ambiri amakaponya m'dirowa akangopeza ndalama: magalamu 205. Muonjezerepo 55-250mm STM, ya magalamu 375. Zonse ziwiri ndi 580. Kusiyana kwake ndi 1.7 kg, mapaketi a shuga pafupifupi awiri oti muziyenda nawo kumsana mlungu wathunthu popanda kumwako tiyi. A Nikon musaone ngati ndakuiwalani: AF-P 18-55mm VR nayonso ndi magalamu 205, ndipo AF-P DX 70-300mm VR ndi 415. Malenzi opepukawa ndi a makamera a sensa yaing'ono, monga Canon 700D kapena Nikon D3400, amene ndi ofala m'manja mwa achinyamata athu.

Kulemera kwa lenzi ya f/2.8 kuli ndi chifukwa chake. Nambala ija imachokera pogawa kutalika kwa lenzi ndi kukula kwa bowo lolowera kuwala. Kuti lenzi ya 200mm ifike pa f/2.8, bowolo liyenera kukhala mamilimita pafupifupi 71. Pa f/4 mamilimita 50 akwana. Bowo likakula, magalasi onse m'katimo amakula, chitsulo chowagwira chimakula, mota yowasuntha nayonso imakula. N'chifukwa chake 70-200mm f/4L ya kampani yomweyo imalemera magalamu 705 okha, theka la mkulu wakeyo. Ndiye mwalipira ndalama zambiri, mwasenza katundu wolemera kawiri, kuti mupeze chiyani? Kuwala kowirikiza kawiri basi. Mu holo ya ukwati zimenezo ndi nkhani yaikulu. Pachigwa cha Chambe dzuwa lili phwee, inu mukufuna kuti udzu uli pamapazi anu ndi thanthwe lili kutsogoloko zonse zioneke bwino, mudzatseka lenzi kufika pa f/8 kapena f/11. Pamenepo lenzi ya mtengo wa galimoto ndi kalenzi konyozeka kaja zimatulutsa zithunzi zoti munthu wamba sangazisiyanitse pafoni, ngakhale papepala la A4.

Wina anena kuti vuto palibe, pa Likhubula pali anyamata onyamula katundu. Alipodi, ndipo ndi ntchito imene ikudyetsa mabanja, muwalembe. Koma amene anayendapo nawo akudziwa mayendedwe awo. Awa ndi anthu amene ena mwa iwo amathamanga nawo mpikisano wa Porters Race, njira imene inu mumaiyenda tsiku lathunthu iwo n'kuidula m'maola ochepa. Mukamafika pamalo pamene mitambo yang'ambika n'kuonetsa minda ya tiyi pansi, chikwama chanu chili kale kunyumba yogona, wonyamulayo akuotha moto. Mitamboyo sidikira. Lenzi imene mudzajambulire ndi yokhayo ili pathupi panu, ndipo thupi lanu ndi limene liyenera kuvomera kulemera kwake. Komanso tisamachite ngati msana wa wonyamula katundu ndi wachitsulo.

Pa Sapitwa penipeni ndiye nkhani imakula. Nsonga imeneyi, ya mamita 3,002, sikwereka ndi miyendo yokha. Pali malo okwawa pathanthwe lotsetsereka manja onse awiri ali pansi, pali malo odzipanikiza pakati pa miyala iwiri chikwama mutachivula, pena kudutsa kunsi kwa mwala mutagwada. Kamera yolendewera ndi lenzi yaitali imayamba ndi iyo kufika pamwala. Mumangomva kuti kho! Lenzi yaifupi mumailowetsa m'jekete, kukoka zipi, n'kumapita.

Nanga munthu anyamule ziti? Ine ndimati yambani ndi zithunzi zanu zakale. Chithunzi chilichonse chimasunga m'kati mwake nambala ya lenzi imene chinajambulidwira, ndipo kompyuta imaonetsa. Unikani zimene munajambula panja n'kuzikonda. Ambiri adzapeza kuti zaunjikana mbali ziwiri: chakufupi, cha m'ma 18 mpaka 35mm, ndi chakutali ndithu. Pakati pamakhala pochepa.

Mbali yakufupiyo foni yanu ikuigwira kale, poti kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona mofanana ndi lenzi ya 24 kapena 26mm pakamera ya sensa yaikulu. Chimene foni imalephera ndi kukoka zakutali. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena amene amati kuphiri n'kwa lenzi yotambalala yokha. Lenzi yotambalala kwambiri imachepetsa phiri. Mumaima pansi pa Chambe khosi litapindika, mukajambula pa 10mm, chithunzi n'kutuluka kachulu pakati pa udzu ndi thambo. Ukulu wa phiri umaoneka bwino mukakoka: mnzanu akuyenda pamzere wa chitunda ali kakang'ono, kumbuyo kwake thanthwe ladzaza chithunzi chonse, kapena mizere ya zitunda yosanjikizana m'mawa, uliwonse wotuwa kuposa unzake, kapena mtengo umodzi utaima wokha m'khwawa. Zonsezi ndi ntchito ya 55-250mm. Pakamera ya Canon ya sensa yaing'ono nambala zija mumachulukitsa ndi 1.6, ndiye 250mm imaona ngati 400mm pakamera ya sensa yaikulu. Pa Nikon ndi 1.5.

Galen Rowell, wojambula mapiri wa ku America amene anamwalira pangozi ya ndege mu 2002, anatchuka ndi chithunzi cha utawaleza umene ukuoneka ngati watera pa Potala Palace ku Lhasa. Anachijambula mu 1981, ndipo kuti utawalezawo ugwere pamalo pomwe ankafuna anachita kuthamanga mtunda wautali ndithu, m'dziko lokwera limene mpweya wake ndi wochepa. Anali munthu wodziwika ndi kuyenda ndi zida zopepuka. Akanakhala ndi makilogalamu atatu m'khosi, bwenzi atafika utawaleza utazima.

Za nyama musavutike nazo. Ku Mulanje si ku Liwonde. Mwina muona chinkhoma chitaima pathanthwe, mbira zikuothera dzuwa, apusi m'nkhalango ya m'munsi, ndi akhwangwala a khosi loyera amene amabwera okha kudzazonda chakudya chanu. Lenzi ya 150-600mm, yolemera pafupifupi makilogalamu awiri, isiyeni kunyumba.

Pali chinthu chimodzi chimene chingandichititse kuvomera lenzi yachitatu, ndicho usiku. Mu Juni ndi Julaye, kukakhala kopanda mwezi ndi mitambo, mlalang'amba umaoneka pamwamba pa phirili moti munthu wa mu Blantyre amayamba wakayika maso ake. Kuti muujambule pamafunika lenzi yotambalala yolowetsa kuwala kwambiri, kuphatikizapo tripod, poti kamera iyenera kukhala chete masekondi 15 kapena 20. Malenzi otere ambiri amadutsa theka la kilogalamu. Ngati nyenyezi ndi zimene mwapitira, nyamulani, koma muchotse china m'chikwama. Ngati mukungofuna chithunzi cha anzanu atazungulira moto, nkhope zikuwala, mlonda wa nyumbayo akukoleza nkhuni, kalenzi kaphwatalala ka 24mm f/2.8 STM kakwana. Ndi magalamu 125, kamalowa m'thumba la malaya. A Nikon ali ndi 35mm f/1.8G ya magalamu 200. Amene muli ndi makamera a sensa yaikulu, monga Canon 5D kapena 6D, malenzi a EF-S, monga 18-55mm, 55-250mm ndi 24mm aja, sangalowe pakamera yanu. Tengani 24-105mm f/4 yokha, kapena 40mm f/2.8 ya magalamu 130 pamodzi ndi 70-200mm f/4 ija.

Ena amakonda lenzi imodzi yochita zonse, monga 18-135mm, ya magalamu pafupifupi 500. Sindiwadzudzula. Kusintha lenzi pamphepo kumalowetsa fumbi pasensa, ndipo kadontho kamodzi kamatuluka pathambo la chithunzi chilichonse mpaka ulendo utatha. Chiperoni chikagwa, nkhungu yonyowa ija ikuuluka cham'mbali, kutsegula kamera n'kuiputa dala. Amene sakufuna kukoka patali kwambiri, imodziyo imukwanira. Muzikumbukiranso nyengo: mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba chigwa chonse, moti ngakhale nyanja ya Chilwa imasowa m'chimbuuzi. Nthawi imeneyo lenzi yokoka imangokoka utsiwo.

Chimene chimapha malenzi kuphiri kuno kawirikawiri si kugwa, ndi chinyezi. Mwakhala panja pozizira, mwalowa m'nyumba muli moto ndi nthunzi ya mphika, galasi limachita thukuta nthawi yomweyo, kunja ndi m'kati momwe. Musanalowe, ikani kamera m'pepala la pulasitiki, mumange, muisiye ifunde pang'onopang'ono. Timapaketi tija toyamwa chinyezi tobwera m'makatoni a nsapato tisamatayidwe, ntchito yake ndi imeneyi. Magetsi musawadalire kumeneko, ndipo kuzizira kumamaliza batire msanga; mabatire apadera azigona nanu m'chofunda.

Musanapite, yesani katunduyo pafupi. A mu Blantyre kwerani Michiru kapena Soche Loweruka lina, a ku Lilongwe pitani ku Bunda kapena ku Nkhoma, chikwama chodzaza monga mudzachitire tsikulo, kamera ili pomwe idzakhale. Lenzi imene simunaitulutse tsiku lonse, isapite ku Mulanje.

Ndipo ngati 55-250mm mulibe, mukufuna kugula yogwiritsidwapo kale ntchito, musangoyang'ana kunja kwake. Chotsani zotsekera zonse ziwiri, muunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, inu mukusuzumira kutsogolo. Tifumbi tochepa si vuto. Mukaona timizere toyera tonga ulusi tikuyala kuchokera m'mphepete mwa galasi, imeneyo ndi nkhungu yomera m'kati, ndipo kuichotsa kumafuna kumasula lenzi yonse. Bwezani, ngakhale wogulitsayo atsitse mtengo.