Mako ndi Mako, Usamuone Kuchepa Mwendo

Makolo athu, podziwa kuti mtima wa munthu suchedwa kukopeka ndi za eni ake nunyoza zakwawo, adatisiyira mwambi wakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo ine ndikamamva anyamata a pa Migowi ndi pa Chiringa akutsutsana mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makosi chifukwa cha Arsenal ndi Manchester United, akutchula osewera a ku England mmodzimmodzi pamodzi ndi mitengo imene adagulidwira, koma osatha kutchula ngakhale dzina la timu imene atate awo omwe adaisewerera pa bwalo la sukulu ya m'mudzi mwawo, ndimaona kuti mwambiwu wafika pa nthawi yake. Anawo sindikuwadzudzula ayi, pakuti mwana sangakumbukire chimene sadauzidwe. Mlandu uli pa ife akuluakulu, amene tidaona ndi maso athu mpira wa matimu ang'onoang'ono uli pachimake, tsono taulekerera kuti ulowe m'manda popanda ndi mmodzi yemwe woulembera mbiri.

Obadwa posachedwa amayesa kuti mpira wa m'Malawi udayamba ndi Super League, chikhalirecho ligi imeneyo njadzana, ya mu 1986. Isanabwere, mizinda ikuluikulu inali ndi maligi akeake pamodzi ndi maboma oyandikana nayo, ndipo ligi ya Blantyre and Districts ndiyo inkamveka kuno kummwera. Masiku amenewo Phalombe anali asanakhale boma payekha, pakuti adapatuka ku Mulanje mu 1998; ndipo amuna ambiri a kuno, poona kuti ndalama ya msonkho ndi ya fizi siikwana m'munda wa nandolo ndi mapira, ankapita kukagwira ntchito m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, kapena m'mafakitale a fodya a ku Limbe, nakagona ku Bangwe ndi ku Ndirande. Loweruka masana ankakathithikana pa bwalo la BAT kapena pa Kamuzu Stadium, ndipo pobwera kumudzi pa Khirisimasi, pamodzi ndi shuga ndi nsalu ya mayi wa kunyumba, ankabweretsanso nkhani za zigoli zimene ana ankazimvera pamoto mpaka tulo kuwagwira. Otsala kumudzi ankazungulira wailesi ya Nzeru, mabatire atayanikidwa padzuwa m'mawa wonse kuti apezeko kamphamvu, kudikira mawu a Steve Liwewe Banda pa MBC.

Tamverani mayina a matimu a nthawi imeneyo, pakuti m'mayinamo ndimo muli nkhani yonse: Bata Bullets ya fakitale ya nsapato, Limbe Leaf Wanderers ya ogula fodya, Hardware Stars ya ogulitsa zitsulo ndi zomangira, ADMARC Tigers ya bungwe limene linkagula mbewu zathu, MDC United imene inali ndi bwalo lakelake ku Chilomoni, ndi Sucoma ya ku minda ya nzimbe ku Nchalo. Kampani inkatenga mnyamata waluso nimpatsa ntchito ya ukalaliki, ya m'sitolo kapena ya umakaniko. M'mawa ankagwira ntchito, madzulo ankapita kubwalo, ndipo mwendo ukathyoka kapena ukalamba ukafika, nsima ya ana ake siinkathera pomwepo. Pansi pa matimu otchukawo panali unyinji wa matimu ena a m'magawo apansi, a m'masukulu, a m'makwalala ndi a m'minda ya tiyi, amene nyuzipepala sizinkawalabadira, koma ndiwo ankasula miyendo imene akuluakuluwo ankadzaitola itapsa kale.

Zipatso zake tidazidya tonse. Timu ya dziko lino idatenga chikho cha kummawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi mu 1979, nidzachitenganso mu 1988. Idakafika ku mpikisano wa Africa yense ku Ivory Coast mu 1984, ndipo mu 1987 idabwera ndi mendulo ya nambala yachitatu kuchokera ku masewero a All-Africa Games ku Nairobi. Kinnah Phiri, amene zigoli zake 71 za timu ya dziko palibe wazifikira kufikira lero, adali wa Bata Bullets. Ernest Mtawali, amene adakafika ku Mamelodi Sundowns mpaka ku Toulouse m'dziko la France, adatulukira ku Hardware Stars. Ndipo kuti muone kuti mphamvu siinali m'nyumba imodzi, zaka zisanu zoyamba za Super League zidaona akatswiri asanu osiyana: Bullets mu 1986, Civo United mu 1987, MDC United mu 1988, ADMARC Tigers mu 1989, ndi Wanderers mu 1990.

Koma akale adanenetsa kuti khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Mphepo ya chuma itatembenuka m'zaka za m'ma 1990, ndipo lamulo logulitsa makampani a boma litakhazikitsidwa mu 1996, oyang'anira makampani adayamba kuwerenga tambala iliyonse, ndipo mpira ndiwo udali woyamba kuchotsedwa m'kaundula wa zolipira. Bungwe la MDC litatsekedwa, MDC United idapita nalo kumanda. Hardware Stars idazimirira. Ngakhale ESCOM United, imene idatenga ligi mu 2007, siidachedwe kusowa pamaso pathu. Nanga bwanji Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers) alipobe? Bullets idavala dzina la Bata, kenaka la Total, kenaka la Bakili pamene idafika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa mu 2004, kenaka la Nyasa. Wanderers nayo idatchedwa Yamaha, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward. Mayina a othandiza adabwera napita, koma matimuwo sadafe, chifukwa eni ake enieni adali anthu a ku Ndirande, a ku Bangwe, a ku Chilomoni ndi ife a kumudzi kuno, amene tinkalira nawo ndi kusekera nawo. Timu imene mwini wake adali ofesi idafa tsiku limene ofesiyo idatsekedwa, ndipo idafa imfa yosalirika, pakuti ngakhale zithunzi zake ndi mabuku ake adatayika pamodzi ndi mipando ya kampani.

Si lamulo kuti timu ya kampani ife chotere. Ku America, m'katauni ka Hershey m'chigawo cha Pennsylvania, kamene kadamangidwa mozungulira fakitale ya chokoleti, kuli timu ya hockey ya pa madzi oundana yotchedwa Hershey Bears, imene yakhala m'ligi yaing'ono kuyambira 1938, yosakwera ku ligi yaikulu ya NHL, koma yatenga chikho cha Calder Cup kokwana 13, komaliza mu 2023 ndi 2024. Anthu a kumeneko sachita nayo manyazi poti njaing'ono. Amapachika mbendera za zaka za kupambana kwake padenga la bwalo lawo, kuti mdzukulu akafunsa, agogo aloze ndi chala. Chimene adapambana nacho n'chakuti timuyo adaisandutsa yawo, ndipo adasunga chikumbutso chake.

Tsono tibwerere kwathu, kunsi kwa phiri la Michesi. Amene adakulira kuno akudziwa mmene timu ya m'mudzi imabadwira: anyamata amene adayambira pa mpira wachikulunga amagwirizana kukapalira munda wa munthu kapena kukaumba njerwa, ndalama ya ganyuyo n'kugulira mpira umodzi wachikopa, umene umasungidwa kwa kaputeni, nupopedwa ndi pompi ya njinga, nusokedwa ukang'ambika mpaka zigamba kuchuluka kuposa chikopa chake. Magolo amakhala a bulugamu, mizere amaidula ndi khasu n'kuthiramo phulusa, ndipo tsiku la masewero timu yonse imanyamuka m'mamawa pa njinga, awiriawiri, ulendo wa ku Nambazo kapena ku Mpasa, yunifolomu ili m'thumba la feteleza, jombo zikumabwerekanidwa wina akatuluka m'bwalo. Amayi amaimba m'mbali mwa bwalo, ana amathamangira m'katikati chigoli chikalowa, woyimbira amaliza wezulo mtima uli m'mwamba poopa ochemerera a eni bwalo, ndipo mphotho ya zonsezi kawirikawiri imakhala mbuzi imodzi. Ine ndinena mosaopa kuti m'zimenezi muli ulemu woposa umene uli m'mipikisano yambiri ya ndalama, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo anyamata amenewa adaphunzira mwambiwo ndi matuza a m'manja mwawo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti matenda amene adapha matimu a makampani ku Blantyre afika kumudzi atavala malaya ena. Chisankho chikayandikira, ofuna mipando amatulukira ndi zikho zonyezimira, mipira, ndi mayunifolomu olembedwa mayina awo kumsana. Matimu amabadwa usiku umodzi, ena amagawikana pakati polimbirana ndalama, ndipo mavoti akangowerengedwa, bwalo limamera tsekera kufikira zaka zisanu zitatha. Wopereka sindimnyoza, pakuti kupatsa n'kuika. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mudzi umene waiwala kukapalira ganyu ya mpira wake chifukwa chodikira wandale, wagulitsa ukulu wake pa mtengo wochepa. Anzathu a ku Mulanje adationetsa kuti timu ya kumudzi ingathe kukwera, pamene FOMO, timu ya bungwe losamala ana amasiye, idasewera mu Super League mu 2024 pa bwalo la Mulanje Park. Inde idatsika chaka chomwecho, koma amene adapita kukaonera matimu akuluakulu atabwera okha kunsi kwa phiri la Mulanje sadzaiwala, ndipo ana a kumeneko tsopano akudziwa kuti njira ilipo.

Chifukwa chake ndikuti tiyambe ndi ntchito imene siilira ndalama ya munthu wina aliyense, ndiyo kulemba. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limaphwa. Amuna amene adasewera m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 lero ali ndi imvi, ndipo maliro aliwonse amene timaika amapita ndi mayina a matimu, a osewera, a aphunzitsi amene ankagula mpira ndi malipiro awo, ndi nyimbo zimene amayi ankaimba m'mbali mwa bwalo. Ifenso a ku Phalombe tikudziwa koposa ena kuti pepala losungidwa m'nyumba imodzi silikhalitsa, pakuti napolo wa mu Malichi 1991 ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adakokolola miyoyo ya abale athu pamodzi ndi masutikesi mmene munali zithunzi ndi makalata a mabanja awo. Zimene zidapulumuka zijambulidwe ndi mafoni amene ali m'manja mwa adzukulu, makope ake akasungidwe ku sukulu, kwa mfumu ndi ku ofesi ya zamasewero ya khonsolo, ndipo lina likafike ku National Archives ku Zomba, kumene mbiri ya dziko lino imasungidwa. Wailesi za m'madera, zimene zimatha maola ambiri pa mpira wa ku Ulaya, zipatuleko mphindi zochepa pa sabata kuti nkhalamba za mpira zidzalankhule zokha.

Inu mafumu athu, a Mkhumba, a Nazombe, a Kaduya, a Jenala, a Chiwalo ndi a Nkhulambe, tikupemphani mwaulemu kuti muteteze mabwalo a mpira kwa olima ndi omanga, ndipo mulimbikitse kuti timu iliyonse itchedwe dzina la mudzi wake, ikhale ndi komiti yake, thumba lake ndi kope lake la zochitika, kuti wothandiza akabwera apeze nyumba yomangidwa kale, ndipo akachoka aisiye ili chiimire. Inu aphunzitsi, tumani ophunzira anu tchuthi chikudzachi kuti aliyense akakhale pansi ndi agogo ake kapena amalume ake, akafunse timu imene adasewerera, bwalo limene ankasewerapo, chaka chake ndi anzawo amene ankasewera nawo, ndipo pa tsiku lotsegulira sukulu abwere nazo zitalembedwa.