Nsalu Yabuluu ndi Diso la Kashembe

M'chaka cha 2024 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti matenda a kaodzera salinso vuto lalikulu la zaumoyo m'dziko la Chad, ndipo mu 2025 lidanena chimodzimodzi za dziko la Guinea. Anthu atamanda madokotala ndi mankhwala, monga kuyenera. Koma m'maiko aŵiriŵa mudagwiranso ntchito kansalu kabuluu ka masentimita 25 m'litali ndi m'lifupi momwe, kopakidwa mankhwala ophera tizilombo ndi kuimikidwa m'mbali mwa mitsinje.

Kashembe, ntchentche imene imafalitsa matendaŵa poluma, imasaka nyama ndi maso ndiponso ndi fungo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Glyn Vale ndi anzake adafufuza khalidwe lake ku Rekomitjie, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe. Kafukufuku wa kumeneko ndi wa kwina adaonetsa kuti mtundu wabuluu umaitana ntchentcheyi, pamene wakuda ndiwo imakonda kuterapo. Nsalu za mitundu iŵiriyi, zopakidwa mankhwala, zidasanduka msampha wotsika mtengo wosafuna ndege zopopera tchire lonse.

Chovuta chidatulukira pa nsalu yeniyeniyo. Buluu wokopa bwino adapezeka pa nsalu yathonje yonyikidwa mu utoto wa phthalogen. Nsalu ya polyester ndi yopepuka ndi yolimba, motero ambiri adaikonda; koma ina mwa iyo, ngakhale imaoneka yabuluu ndithu kwa munthu, idakola ntchentche zochepa. Chifukwa chake chili m'diso. Diso la munthu lili ndi magulu atatu a timaselo tozindikira mitundu, pamene la ntchentche lili ndi magulu asanu a timaselo tolandira kuwala, ndipo limaona kuwala kwa ultraviolet kumene munthu sakuona. Nsalu yobweza kuwala kumeneku kwambiri imachepa mphamvu yoitana kashembe. Tsono wogula nsalu akaiyang'ana pa sitolo n'kunena kuti "buluu ndi yemweyu", waweruza ndi diso losayenera mlanduwo.

Roger Santer wa pa yunivesite ya Aberystwyth adaŵerengera m'mene timaselo ta ntchentche timalandirira kuwala kochokera ku nsalu zosiyanasiyana, napanga polyester yachibakuwa. Zotsatira zofalitsidwa mu 2019 zidaonetsa kuti ku Zimbabwe nsalu imeneyi idakopa kashembe zazikazi zochuluka kuposa polyester yabuluu wamba. Mtundu umene munthu sakadauganizira udapambana chifukwa udasankhidwa poyesa, osati poyang'ana.

Kuno ku Malaŵi kaodzera amapezeka makamaka mozungulira nkhalango za Vwaza ku Rumphi ndi Nkhotakota, ndipo odwala adachuluka mu 2019 ndi 2020. Ndi wa mtundu wina, wa rhodesiense, umene umapha msanga ndiponso umabisala mu nyama zakutchire ndi ng'ombe. Kuchiza odwala kokha sikungauthetse, popeza nyama zimasungabe kachilomboko. Koma kutengera tinsalu ta ku Guinea osafunsa kungakhale kutaya ndalama: tinsaluto tidapangidwira kashembe za m'mitsinje, pamene za m'tchire la kuno zimafuna nsalu zazikulu, kaŵirikaŵiri zoikidwa pamodzi ndi fungo la acetone ndi octenol lofanizira mpweya wa ng'ombe. Nsalu iliyonse yoti igulidwe ndi ndalama za boma iyambe yayesedwa pa kashembe za ku Vwaza ndi Nkhotakota, ndipo iyesedwenso ikatha miyezi ingapo padzuŵa, poti utoto umasuluka.